Mayi Farao a pa Chimbiya

Pa Chimbiya, pomwe amayi amandandalika mbatatesi ndi kabichi m'mbali mwa msewu waukulu, Filomena ankadziwika ndi dzina loti Mayi Farao. Anamupatsa dzinali ndi Nomsa, mnzake wa benchi yoyandikana nayo, mkazi wapakamwa amene akanatha kupatsa dzina ngakhale chitsa cha m'munda. Filomena sanalikane. Kumudzi ankamutcha make Kingsley, kutchalitchi mayi Filomena a kwaya, ndiye dzina lachitatu silikanamuthyola khosi.

Gwero la dzinalo linali foni. Minibasi ikaima, amayi onse ankaithamangira ndi mabeseni m'manja, koma Filomena ankayamba waimitsa kaye kanema, kuzula tiwaya m'makutu, kulonga foniyo m'thumba la epuloni, kenako n'kudzuka. Pofika pawindo, okwera amakhala atagula kale kwa anzake. Zimenezi sizinkamudetsa nkhawa kwenikweni. Mbatatesi, iye ankati, siziwola tsiku limodzi.

Ejipito anamulowa mumtima ali Fomu 1. Mphunzitsi wa mbiri yakale anajambula pabolodi munthu ataima m'mbali mwa mtsinje wa Nailo, akutunga madzi ndi mtengo wautali womangirira mwala kumbuyo kuti chidebe chizikwera mopepuka. Filomena, amene msana wake unali utatha kale ndi makheni kudimba la mayi ake, anayang'anitsitsa chithunzicho n'kunena mumtima kuti anthu awa ndiye anali ndi mitu. Chaka chotsatira mimba inaoneka, sukulu n'kuthera pomwepo. Kuchokera apo Aejipito ankangokumana nawo kutchalitchi, komwe chaka ndi chaka pa Pasaka ankamira m'nyanja kwaya ikuimba mokondwa. Iye ankaimba nawo, koma pansipansi ankawamvera chisoni.

Zaka zinapita, amuna ake, a Vinsenti, anatsikira kulichete, ana anakula n'kubalalika. Kingsley, mwana wake wamwamuna amene ankawotcherera zitsulo ku Lilongwe, atagula foni yatsopano anasiyira mayi ake yakaleyo, n'kuwaonetsa kuti kuli mayunivesite akunja amene amaphunzitsa pa intaneti kwaulere.

"Kwaulere?" anatero Filomena. "Ndiye pali chinyengo."

Chinyengocho anachifunafuna osachipeza, kupatula kuti bandulo inkatha ngati madzi othira m'lichero. Analembetsa kosi ya mafarao, anaimaliza. Analembetsa ya mapiramidi, nayo anaimaliza. Chingerezi chake cha Fomu 2 chinali ndi dzimbiri, ndipo mayi wophunzitsa m'makanemamo ankayankhulira m'mphuno, koma kanema ali ndi ubwino umodzi umene mphunzitsi wamoyo alibe: ungamubweze kambirimbiri iye osapsa mtima. Kosi imene inamukomera koposa inali ya zilembo, momwe anaphunzira kuti Aejipito ankalemba ndi tizithunzi ta mbalame, manja ndi madzi. Anayeserera pa makatoni a sopo mpaka Nomsa anayamba kufunsa ngati mbalamezo zimaikira. Za satifiketi analibe nazo ntchito. Akaipachika kuti, ankatero, pakhoma lonyowa lija?

Khomalo linalidi lonyowa. Nyumba yake inali kumunsi kwenikweni kwa mudzi, pamatsitso pomwe nkhungu yochokera ku Phiri la Dedza imachedwa kuchoka ndipo madzi a mvula amafika osaitanidwa. Ngakhale netiweki inkakana kutsikirako. A Vinsenti anadandaula za malowo mpaka tsiku lawo lomaliza. Iwo anali mkamwini, ndipo mkamwini samanga pomwe wafuna, amamanga pomwe amuloza eni mudzi. Anapempha pamtunda, koma apongozi awo, mayi ake a Filomena, anatsika nawo kumunsi n'kuponda pansi ndi chidendene: "Pano." Anachonderera, anatuma ankhoswe, mayiwo anangoti pano. Filomena yemwe anatsimikiza kuti anabadwa kwa munthu wouma mutu, ndipo sanasinthe maganizo ngakhale mayiwo atamwalira. Tsopano Kingsley anali atamumangira nyumba ya njerwa zootcha ndi malata kufupi ndi msewu, ndipo anapangana kuti Loweruka abwera ndi anyamata kudzagwetsa yakaleyo, pamalopo adzalimepo mbatatesi. Filomena anavomera osaganiza kawiri.

Kumayambiriro kwa sabata lomwelo anali pa benchi yake akutsatira kosi yatsopano, ya anthu wamba amene sanali mafumu kapena ansembe. Mayi wa m'foni anaonetsa mabwinja a mudzi wa amisiri, n'kunena kuti ofukula zakale atakumba pansi pa nyumbazo anapezamo timabokosi tomwe poyamba tinali tosungira zovala. M'timabokosimo munali ana akhanda. Ena anawaveka mikanda m'khosi. Sanapite nawo kumanda a akuluakulu, anawasunga m'nyumba, pomwe amayi awo ankaponda tsiku ndi tsiku. Kenako mayiyo anabwereza zimene ankanena kawirikawiri, kuti kwa anthu amenewo imfa yeniyeni sinali kuleka kupuma, koma kusowa wotchula dzina lako.

Minibasi inaima, amayi anathamanga, inanyamuka. Filomena sanadzuke.

"Mayi Farao, mwafa kodi?" anakuwa Nomsa. "Tikukulungeni nsalu ngati abale anu aja?"

Filomena anaseka pang'ono kuti mnzakeyo asafunse zambiri.

Mudzi wonse unkati ana ake ndi atatu. Iye ankadziwa kuti ndi anayi. Mimba ija inamuchotsa pasukulu sinali ya Kingsley. Mwana ameneyo anabadwa mu Januwale, mvula ikukhuthuka, m'nyumba ya mayi ake a Filomena, ndipo sanalire. M'chipindamo munali akazi atatu: mayi akewo, mzamba, ndi a Emily, mayi ake aang'ono a Filomena. Anamukulunga m'nsalu Filomena asanamuone, anatenga khasu n'kutuluka. Mwana wotere amatchedwa nthayo, ndipo nthayo ili ndi malamulo ake. Amaika akazi okhaokha, m'dzenje losaya, pambali pa manda. Palibe kulira, palibe nyimbo, palibe mtanda, palibe dzina. Mayi wake sauzidwa malo, amangouzidwa kuti akalira sadzaberekanso. Filomena anamvera, sanalire, ndipo anabereka ena atatu, kotero mwambowo ukhoza kudzitama kuti unagwira ntchito yake. Koma zaka zonsezo sankadziwa ngakhale kanthu kakang'ono aka, ngati mwanayo anali mtsikana kapena mnyamata. Pa maliro alionse maso ake ankayendayenda m'tchire la m'mbali mwa manda, kufunafuna kamtumbira komwe sikanaonekepo. Zinkamuwawa, ndipo analibe womuuza.

Mayi ake kunalibe, mzamba nayenso anatsogola kale. Otsala anali a Emily okha, ndipo nawonso mutu unali utayamba kuwathawa: ankaiwala mphika pamoto, ankaitana nkhuku ndi mayina a adzukulu. Mwana wawo Godfrey anali atanena kuti Lamulungu adzawatenga kupita nawo ku Mchinji. Wokalamba akapita kwa ana kutali chotero amabwerako m'bokosi, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo ngakhale palibe ankazitchula. A Emily akakwera galimoto imeneyo, malo a mwanayo akwera nawo limodzi.

Mawa lake Filomena sanapite kumsewu. Anawapeza pakhonde, atafunda bulangeti ngakhale dzuwa linali litakwera, akutong'olera chimanga m'lichero. Anagwada, anawapatsa moni, anaika kapaketi ka shuga pambali pawo n'kuyamba kutong'ola nawo. A Emily anali aukali kuyambira utsikana wawo. Ukalamba unangowachotsa mano, ukaliwo unausiya momwe unaliri.

"Wabwera kudzanditsanzika, kapena kudzaona ngati ndisiye mbale zabwino?"

"Ndabwera ndi funso, amayi."

"Funsa msanga ndisanaiwale kuti ndiwe yani."

"Mwana wanga uja, woyamba. Munakamuika pati?"

Manja a gogoyo anaima pa chitsononkho.

"Zimenezo safunsa."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa, ndiye ukufunsiranji? Mkazi wa imvi ngati iwe! Unabereka, ana ako ndi awo akudya buledi m'matauni. Ukufuna kudzutsa chiyani?"

"Sindiberekanso, amayi. Zimenezo zinatha zokha. Palibenso choopa."

"Ndati safunsa."

Filomena anaona kuti apa pauma. Anatong'ola chimanga china. Kenako, posowa mawu ena, anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa foni, momwe anali atasunga chithunzi cha kabokosi kaja. Sankayembekeza kuti chithandiza kanthu. Ankangofuna kuti munthu wina aone chimene chinamusowetsa mtendere.

"Taonani ichi, amayi."

A Emily anaikankhira foniyo patali ndi maso, n'kutsinzina diso limodzi.

"Kabokosi ka chiyani aka?"

"Muli mwana wakhanda. Sanapite naye kumanda. Anamuika pansi pa nyumba, pomwe mayi ake amagona."

Lichero linapendekeka, chimanga n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira. A Emily sanaziingitse.

"Wakuuza ndani?"

"Mayi uyu wa m'foniyu. Ndi za ku..."

"Mzungu ameneyu wazidziwa bwanji? Tinalumbira atatu! Mzamba uja ndiye, ndinanena ine kuti pakamwa pake n'popanda chitseko. Ndiye mpaka zalowa m'mafoni? Dziko lonse likuonera?"

Filomena anatsegula pakamwa kuti alongosole kuti izi ndi za ku Ejipito, za anthu amene anafa Yesu asanabadwe. Anatsekanso. M'makosi ake anali ataona kuti wofukula zakale akaona kanthu katatulukira m'dothi, amaika khasu pansi n'kutenga kaburashi.

"Palibe akuonera, amayi. Ndine ndekha. Tandiuzani bwinobwino, poti mzunguyu sakulongosola."

A Emily anakoka bulangeti, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pabwalopo pangabisale munthu. Za mphika wa m'mawa womwewo sakanakumbukira, koma tsiku limenelo linatuluka lathunthu.

"Ukukumbukira mvula ija? Kamtsinje kanadzaza mpaka m'minda, ndiye manda ali tsidya lija. Tinafika pamadzi, mzamba anaviika phazi limodzi n'kubwerera. Nthayo sagona nayo m'nyumba, ukudziwa. Tinangoti chilili pamenepo, tanyowa ngati nkhuku, mayi ako atamufukata pachifuwa ngati wamoyo. Ndiye anati, tiyeni kumunsi kwa munda wanga. Anakumba okha. Ine sanandilole n'kugwira khasu komwe."

Filomena anaweramitsa mutu. Chala chake chinkangozungulira pa njere imodzi ya chimanga.

"Tsono dzenje la nthayo ndi losaya. Mayi ako sanaone tulo mpaka mvula kutha. Agalu, afisi, makasu a aganyu. Anaunjikapo minga, anadzalapo maungu kuti pasadutse munthu. Masika atafika, mwamuna wako uja n'kubwera ndi ankhoswe ake kudzapempha malo omanga. Ndiye mayi ako anandiuza kuti, mdzukulu wanga sakhala pamtetete, ndimufolerera denga."

"Pano," anatero Filomena motsitsa mawu.

"Eya, pano. Mwamuna wako analira ngati mbuzi yomangidwa. Mwanayo ali pangodya ya kumadzulo, kuchipinda kwako. Ine ndinaimirira pomwepo pokhoma zikhomo, kuti maziko adutse pambali."

"Anali mwana wanji, amayi?"

"Mtsikana. Tsitsi bii, lambiri, ngati lako usanayambe kulipsereza ndi mankhwala." A Emily anayang'ana pansi, nkhope n'kukwinyika. "Tsono wangokhala? Nkhuku zikutha chimanga changa."

Filomena anaingitsa nkhuku, anatola chimanga chonse, anatsanzika mwaulemu. Panjira analonjerana ndi anthu monga mwa masiku onse, anafunsa za odwala, anayamikira nyemba za wina. Atafika kwake anakankha chitseko n'kulowa kuchipinda. Bedi anali atalisamutsira kale kunyumba yatsopano, pangodya ya kumadzulo pangotsala timaenje ta miyendo yake. Pamenepo ndi pomwe ankaloza mutu pogona kuyambira ali mtsikana. Ana atatu aja anayamwira pomwepo. A Vinsenti anatsirizikira pomwepo, akunena za chinyezi.

Anakhala pansi, n'kuyala chikhato pa dothi lozizira. Ndiye analira, mokweza, monga amalirira maliro, dzuwa lili paliwombo. Analirira mwanayo, analiriranso mayi ake amene anasenza dzina la wouma mutu mpaka kumanda osatsegula pakamwa. Koma m'kuliramo munalinso chimwemwe, chifukwa zaka zonse zimene iye ankavutika mtima mvula ikamagwa, poganiza za kamwana kali m'tchire kokha, mwanayo anali m'nyumba ndi abale ake.

Dzina analibe chifukwa cholifunira kutali. Analisankha kalekale mimba isanaoneke n'komwe, kutengera mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi tsiku lija mphunzitsi anajambula munthu wotunga madzi. Linangokhala mumtima losagwira ntchito.

Lachisanu anatsikira kudambo ndi ndowa kukakumba dothi lakuda. Nomsa anaimba foni kufunsa ngati Mayi Farao asamukira ku Ejipito osatsanzika. Filomena anati ali ndi ntchito ya pakhomo, abwera Lolemba.

Loweruka m'mawa Kingsley anafika ndi anyamata ake, zitsulo ndi nyundo zili paphewa. Anapeza chitseko chili chotsegula, bedi litaimikidwa pakhonde kudikira kulowa, mayi ake atagwada kuchipinda akuzira pansi, manja ali bii mpaka m'zigongono.

"Amayi, mukuzira nyumba yoti tikugwetsa lero?"

"Sikugwa."

"Koma tinapangana. Anyamata ndabwera nawo, awo ali panjawo."

"Akwere akonze denga, likudontha cha kukhomo. Nyumba yako ija ndi yabwino, mwanawe, ndizikachezako masana poti kuli netiweki. Kogona ndi kuno."

Kingsley anali mwana wa bambo ake, malowo ankadana nawo ngati cholowa. Analowa kuti atsutse bwino, n'kuima pakhomo la chipinda. Pangodya ya kumadzulo, pa dothi lonyowa, mayi ake anali atajambula ndi kamtengo mkango wogona, tsamba la bango, mzere wa mafunde a madzi, dzanja, ndi mbalame yonga muimba, zonse zitazingidwa ndi chingwe chojambula monga Aejipito ankachitira ndi mayina a mafumu awo. Kunena zoona, mkangowo unkafanana kwambiri ndi galu wodwala, koma mzere uliwonse unali wozama bwino kuti dothi likauma usafufutike.

"Za kosi yanu zija?" anaseka Kingsley. "Ndiye mpaka pansi pa nyumba? Ndi farao uti ameneyu?"

"Si farao. Ndi alongo ako."

"Alongo anga wina ali ku Salima, wina ku Kasungu."

"Aakulu. Iwe si woyamba, Kingsley. Ali apa, pansi apa. Anabadwa osapuma. Agogo ako anawaika pano n'kuwamangitsira nyumba pamwamba."

Ananena zimenezi osasiya kuzira, ngati akunena za mtengo wa feteleza. Kingsley anayang'ana ngodyayo, pomwe iye ali mwana ankagona kumsana kwa mayi ake chisanu cha Juni chikaluma. Kuseka kuja kunamuthera pankhope. Panja zitsulo zinkagundana, ndipo mmodzi mwa anyamatawo anakuwa kufunsa ngati ayambire kudenga.

"Dzina lawo ndi Linda," anatero Filomena. "Ndi lomwe lalembedwa apali. Palibe analitchulapo, ngakhale bambo ako. Tatchula."

Kingsley anavula chipewa. Anagwada pakhomo pomwepo, pouma, kuti asaononge pozirapo.

"A Linda," anatero chapansipansi.

"Kweza mawu. Zaka zonsezi akhala akungomva mayina a anzawo."

Kingsley anatchulanso, mokweza, mpaka anyamata aja anasiya kugunditsa zitsulo n'kuyamba kufunsana kuti m'nyumbamo mulinso ndani.